Polira maliro athu, tisagwirire ntchito zigawenga

Pa 22 Novembala 2014, kukucha, zigawenga za al-Shabaab zinaimitsa basi yomwe imachokera ku Mandera, kumpoto cha kummawa kwa Kenya, kupita ku Nairobi. Zinatsitsa anthu n'kuyamba kuwasankha ngati mtedza pa lichero. Aliyense wooneka kuti si Msomali zimamufunsa mawu a chikhulupiriro cha Chisilamu, ndipo akalephera kuyankha zimamugoneka pansi m'mbali mwa msewu. Anthu 28 anaphedwa m'mawa umenewo, ambiri mwa iwo aphunzitsi omwe amapita kwawo kutchuthi cha Khirisimasi. Patangotha masiku 10, zigawengazi zinafika usiku pamalo ena ophwanya miyala kunja kwa tawuni ya Mandera, n'kusankhanso, Asilamu uko, ena kuno. Kumeneko zinapha anthu 36. Kenaka pa 2 Epulo 2015, Lachinayi Loyera, zinalowa pa yunivesite ya Garissa n'kupha anthu 148, ndipo 142 mwa iwo anali ophunzira. Ena mwa oyamba kuomberedwa anali atasonkhana pa mapemphero a m'mawa.

Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa pali anthu ena amene akamalankhula za kulolerana pa zipembedzo amazemba kutchula chinthu ndi dzina lake. Amati "anthu osalakwa aphedwa", basi, ngati kuti chipolopolo chinangogwera aliyense. Ayi. Ana a ku Garissa aja anafunsidwa kaye za chipembedzo chawo, ndipo anaphedwa chifukwa anali Akhristu. Kubisa zimenezi n'kunyoza makolo amene anakazindikira mitembo ya ana awo ku Nairobi. Mkhristu wa ku Dedza kapena ku Chipata akamva nkhani yotere mtima n'kumupweteka, sanalakwe. Ndi m'bale wake waphedwayo, ndipo mpingo umene sulira maliro a abale ake ndi wakufa kale.

Mlandu wanga uli pa zimene timachita tikachoka pamaliropo.

Tadzifunsani chifukwa chake munthu wa mfuti, yemwe akudziwa kuti apolisi akhoza kutulukira nthawi iliyonse, amataya nthawi n'kumafunsa anthu mmodzimmodzi. Akanafuna mitembo yokha, akanangoponya bomba m'basimo n'kuthawa. Iye amasankha chifukwa akufuna kuti otsalafe tipitirize kusankhako iye atapita. Akufuna kuti Mkhristu akakwera basi aziyang'ana kaye amene wavala mkanjo, kuti mwininyumba akane kuchititsa lendi mayi wovala hijabu, kuti wapolisi azigwira mnyamata aliyense wa ndevu. Mnyamata uja akamenyedwa popanda mlandu, chigawenga chimabwera n'kumunong'oneza kuti, waona, tinakuuza kuti anthu awa sakufuna. Zigawenga ndi zochepa kwambiri, sizingagawe dziko pazokha. Zimadalira mkwiyo wa anthu ofedwa kuti uwagwirire ntchito yotsalayo kwaulere.

Ku Kenya zinawayendera kangapo. Aphunzitsi aja ataphedwa, anzawo mazanamazana ochokera m'zigawo zina anakana kubwerera ku Mandera, Wajir ndi Garissa sukulu zitatsegulidwa. Palibe angawadzudzule, moyo sagula. Koma amene anakhala m'kalasi opanda mphunzitsi anali ana a Asilamu a m'maderawo, ana omwewo amene al-Shabaab imawasaka kuti iwalembe usilikali. Boma nalo linali litalakwitsa kale mbali yake. Mu Epulo 2014, zigawenga zitapha anthu m'tchalitchi ku Likoni ndi kuphulitsa mabomba ku Eastleigh, apolisi anagwira Asomali miyandamiyanda mu Nairobi, ambiri n'kukawaunjika pa bwalo la zamasewero la Kasarani, ena mwa iwo nzika za Kenya zokhala ndi ziphaso zawo. Ndipo za ku Garissa zitangochitika, William Ruto, yemwe panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, analamula kuti msasa wa anthu othawa kwawo wa Dadaab utsekedwe pasanathe miyezi itatu. Chonsecho mmodzi mwa opha anthu ku Garissa aja, Abdirahim Abdullahi, sanachokere ku msasa. Anali nzika ya Kenya, anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Nairobi, ndipo bambo ake, omwe anali mfumu yolembedwa ndi boma ku Mandera, anali atakanena kale kuti mwana wawo wasowa.

Tsopano imvani zimene zinachitika pa 21 Disembala 2015. Basi ina yochokera ku Nairobi kupita ku Mandera inaimitsidwa ndi zipolopolo pafupi ndi El Wak. Anthu a m'basimo amadziwa bwino zomwe zinachitika chaka chapitacho pa misewu ya chigawo chomwecho. Amayi achisilamu anavula mipango yawo ina n'kuwafunditsa amayi achikhristu kumutu. Anthu atatsitsidwa, zigawenga zinalamula kuti Asilamu apatuke abwerere m'basi. Iwo anakana. Anauza anthu a mfutiwo kuti ngati akufuna kupha aphe onse pamodzi, apo ayi awasiye onse. Anthu awiri anaphedwa tsiku limenelo, koma kusankha kuja kunalephereka ndipo zigawengazo zinachoka. Mmodzi mwa okanawo anali Salah Farah, Msilamu, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale ku Mandera. Anaomberedwa, anagona m'chipatala pafupifupi mwezi, ndipo anamwalira ku Nairobi mu Januwale 2016, kusiya mkazi ndi ana aang'ono. Pulezidenti Uhuru Kenyatta anamupatsa ulemu wa boma atamwalira kale.

Akhristufe timaikonda nkhaniyi. Timailalikira, timaitumizirana, ena misozi imalengeza. Koma ine ndikaimva ndimaona ngongole. Munthu uja anafera anthu a chipembedzo chathu, ndipo sanafunse kuti ndi a mpingo uti. Nanga zitatembenuka? Gulu la anthu olusa litaimitsa minibasi n'kunena kuti Asilamu atsike, kodi mayi wa Mvano angavule duku lake loyera lija n'kumuveka mnzake wachisilamu? Kodi mkulu wa mpingo anganene kuti mukapha uyu muyambe ndi ine? Musati funsoli n'lopeka. Ku Central African Republic mu 2014, magulu a anti-balaka, omwe ambiri amadzitcha Akhristu, ankasaka Asilamu mudzi ndi mudzi. M'tawuni ya Bossemptélé, wansembe wachikatolika wochokera ku Togo, Bambo Bernard Kinvi, anabisa Asilamu oposa 1,000 pa mishoni ndi pa chipatala chake, akuopsezedwa kuti aphedwa. Umodzi wa Akhristu umene ine ndimaulemekeza ndi umenewu. Wansembeyu sanasiye kukhala Mkatolika pobisa Asilamu, monganso Salah Farah sanasiye kukhala Msilamu poteteza Akhristu.

Dziko la Sri Lanka linationetsa mbali zonse ziwiri m'mwezi umodzi. Pa 21 Epulo 2019, tsiku la Pasaka, anthu odziphulitsa ndi mabomba analowa m'matchalitchi atatu, la St Anthony ku Colombo, la St Sebastian ku Negombo ndi la Zion ku Batticaloa, komanso m'mahotela atatu. Anthu oposa 260 anafa. Ku Batticaloa ambiri anali ana omwe anali atangotuluka mu Sande sukulu. Chimene chinatsatira n'chochititsa manyazi. Ku Negombo kunkakhala anthu othawa nkhanza ku Pakistan ndi ku Afghanistan, ndipo patangopita masiku ochepa eninyumba ndi magulu a anyamata anawathamangitsa m'nyumba zawo. Ena mwa othamangitsidwawo anali Akhristu a ku Pakistan, omwe anathawa kwawo chifukwa cha dzina la Yesu lomwelo. Anakagona pa polisi. Mkwiyo unangoona nkhope ndi chovala, sunafunse kalata ya ubatizo. Mu Meyi, zipolowe zinabuka ku Chilaw, tawuni ya Akatolika ambiri, chifukwa cha mawu amene wamalonda wina wachisilamu analemba pa Facebook anthu n'kuwamva molakwika. Zinafalikira m'matawuni ena, mizikiti ndi masitolo zinaphwanyidwa, ndipo kalipentala wina wachisilamu anaphedwa ndi gulu la anthu. Iyeyu sanaphulitse bomba lililonse.

Kadinala Malcolm Ranjith wa ku Colombo, yemwe anaika m'manda nkhosa zake zambirimbiri sabata imeneyo, anauza Akatolika poyera kuti asakweze dzanja pa Msilamu aliyense. Ena anamuona ngati wofooka. Koma taonani kumene iye analozetsa mkwiyo wake. Zinadziwika kuti akazitape a ku India anali atachenjeza boma la Sri Lanka kutatsala masabata awiri, ndipo akuluakulu a chitetezo anangokhala pa chenjezolo. Zinadziwikanso kuti atsogoleri ena achisilamu anali atadandaula kale kuboma za maulaliki a Zahran Hashim, mtsogoleri wa ophawo, zaka zingapo m'mbuyomo. Kadinalayu sanawapatse mpumulo akuluakuluwo. Analankhula chaka ndi chaka, mpaka anakafika ku Geneva kukadandaula ku bungwe la United Nations. Mu Januwale 2023, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti pulezidenti wakale Maithripala Sirisena alipire ndalama zokwana 100 miliyoni za dzikolo kuchokera m'thumba mwake chifukwa cholephera kuteteza anthu, ndipo akuluakulu a polisi ndi ukazitape nawo analipitsidwa. Amene anagenda mzikiti ku Chilaw sanabwezere ofedwa kanthu kalikonse. Amene anakakamira chilungamo kwa olamula ndiye anawapezera chigamulo.

Ndikudziwa chimene ena akunena pamene akuwerenga izi, chifukwa ndimachimva tikatuluka m'tchalitchi. Amati, nthawi zonse ndife tokha timauzidwa kuti tikhululuke, nanga iwowo bwanji sadzudzula anzawo? Funsoli lili ndi mbali yoona. Atsogoleri achisilamu ali ndi udindo woyang'ana chimene chikuphunzitsidwa m'madrasa ndi m'mizikiti yawo, ndipo shehe amene amamva mnyamata akutamanda opha anthu iye n'kukhala chete ali ndi mlandu. Koma kunena kuti sadzudzula ndi bodza, ndipo Mkhristu sayenera kufalitsa bodza ngakhale ali pachisoni. Mu Julaye 2012, matchalitchi awiri a ku Garissa ataukiridwa anthu 17 n'kuphedwa, atsogoleri achisilamu a ku Kenya analengeza kuti atumiza anthu awo kukalondera matchalitchi. Shehe Mohamed Idris, wapampando wa bungwe la maimamu ku Kenya, yemwe amatsutsa poyera achinyamata osochezedwa ndi al-Shabaab, anaomberedwa ku Mombasa mu Juni 2014 akupita ku swala ya m'mbandakucha. Ku Sri Lanka atsogoleri achisilamu anakana kuika m'manda awo mitembo ya odziphulitsa aja. Ndipo pa 14 Okutobala 2017, bomba la m'lole linapha anthu oposa 500 pa mphambano ina ku Mogadishu, pafupifupi onse Asilamu. Ndi matchalitchi angati kuno amene anawapempherera? Ngati imfa ya munthu imatikhudza pokhapokha akakhala wobatizidwa, ndiye kuti tavomereza muyeso wa chigawenga chija pa basi.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya kutali. Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira tawuni ya Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique sichinaone mtendere. Anthu masauzande aphedwa, ena modulidwa mitu, ndipo mazana a masauzande athawa m'midzi yawo. Mu Epulo 2020, m'mudzi wa Xitaxi, anthu oposa 50, ambiri achinyamata, anaphedwa tsiku limodzi. Kumapeto kwa 2021 zigawengazi zinafika m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chomwe chinachita malire ndi Malawi. Pa 6 Seputembala 2022 zinaotcha mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula n'kupha Sisitere Maria De Coppi, gogo wa zaka zoposa 80 yemwe anatumikira ku Mozambique kuyambira 1963. Kumenekonso matchalitchi aotchedwa, kumenekonso mizikiti yaotchedwa, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, komwe anthu ambiri ndi Asilamu, iwowo ndiwo aphedwa ndi kuthawa mwaunyinji. Mashehe a kumeneko anali atachenjeza boma za kagulu kachilendoka nkhondo isanayambe. Yemwe anali episikopi wa ku Pemba mpaka 2021, Luiz Fernando Lisboa, amene anafuula kwambiri za mavutowa mpaka kudana ndi akuluakulu a boma, ankalankhulira othawa onse osafunsa kuti amapemphera tsiku liti.

Pamenepa ndipo ndimakwiya ndi umodzi wathu wa pafoni. Vidiyo ya munthu akudulidwa khosi imayenda pa WhatsApp kuchoka pa gulupu ya kwaya kupita ya mphakati, ya achinyamata, ya abambo, ili ndi mawu akuti onani zimene akutichita. Palibe amafunsa kuti inajambulidwa kuti, chaka chiti, ndipo wophedwayo ndi ndani. Mavidiyo ambiri otere amajambulidwa ndi zigawenga zenizenizo, n'cholinga choti afalitsidwe, ndiye wotumizayo akugwira ntchito ya mtolankhani wa zigawengazo ndi bandulo yogula yekha. Mwana amene wamva bambo ake akutukwana ataonera vidiyoyo, mawa kusukulu akamutcha mnzake wa Chiyao dzina la al-Shabaab. Koma mufunse wotumiza uja ngati mpingo wake unatolerapo chopereka, ngakhale thumba limodzi la ufa, cha anthu othawira ku Pemba kapena ku Nampula. Amalawi tinasungapo anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, tili osauka kuposa lero. Makolo athu amadziwa kuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Ife tikungojambula motowo n'kumatumizirana.

Ndipo tisadzinamize kuti ife Amalawi tinabadwa ofatsa moti sizingatichitikire. Chisankho cha 1999 chitatha, Bakili Muluzi, yemwe ndi Msilamu, atapambananso, mizikiti inaotchedwa m'chigawo cha kumpoto. Anthu anakwiyira wandale, koma anakalanga nyumba zopemphereramo za anthu wamba. Mu Juni 2003, amuna asanu a m'mayiko akunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda, n'kutulutsidwa m'dziko muno khoti litaletsa. Asilamu ena okwiya ku Mangochi anakaphwanya matchalitchi, ngati kuti ansembe ndi abusa a kumeneko ndiwo anagwira anthuwo. Amuna asanuwo anadzamasulidwa opanda mlandu. Mu Novembala 2019, ku Balaka, mkangano wa hijabu pa sukulu ya mpingo wa Anglican unathera m'kugendana, ndipo tchalitchi ndi mzikiti zonse zinaonongeka. Matenda ndi amodzi mbali zonse: walakwa wina, wolangidwa ndi mnansi amene ali pafupi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 aliwonse m'Malawi. Akhristufe ndife ochuluka, ndipo ochuluka akakwiya molakwika, chiwonongeko chake chimakhala chachikulu. N'chifukwa chake udindo waukulu uli pa ife.

Chotithandiza tili nacho kale, sitikusowa kukachitenga kunja. Pitani pamaliro ku Machinga, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Womwalirayo ndi Mkhristu, amayi a mpingo akuimba m'nyumba ya siwa, koma mbuzi ya pamaliropo amaitana Msilamu kuti adzazinge kuti aliyense adye osakayika. Malume a malemuyo avala chipewa cha kumzikiti, ndipo ndi amene akulandira chipepeso. Kumanda makasu amasinthanasinthana m'manja osafunsana chipembedzo. M'mabanja ambiri a kumeneko simungalekanitse Asilamu ndi Akhristu popanda kulekanitsa mayi ndi mwana wake. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe linayamba mu 1992, limakhazika pamodzi maepisikopi, abusa ndi mashehe, ndipo ndi lomwe linayanjanitsa mbali ziwirizi pa nkhani ya hijabu mpaka kusainirana mgwirizano mu 2021. Zinatenga nthawi, panali kupsetsana mitima, koma zinatheka pokambirana. Amene amalalikira pa msika kapena pa wailesi monyoza chipembedzo cha mnzake, kaya wanyamula Baibulo kaya Korani, akugumula chinthu chimene agogo athu anamanga movutikira, ndipo akulu a mpingo wake kapena a mzikiti wake ayenera kumuletsa iwo eni, asanachite kuletsedwa ndi apolisi.

Kulolerana sikutanthauza kuti tisiye kukhulupirira zimene timakhulupirira. Ine ndimakhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, mnansi wanga wachisilamu sakhulupirira zimenezo, ndipo mwina tidzafa tisanagwirizane. Tingatsutsane mpaka dzuwa kulowa. Chimene sindingalole n'chakuti magazi a ana a ku Garissa kapena a Sisitere Maria agwiritsidwe ntchito pomuopseza iye, mkazi wake ndi ana ake, anthu amene sanagwirepo mfuti.

Tsono abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi inu amayi otsogolera magulu, tsiku lina nkhani yoipa idzabweranso, kaya kuchokera ku Nigeria, ku Congo kapena kuseri kwa malire athu kuno. Lamulungu limenelo tchulani ophedwawo poyera, nenani kuti anali Akhristu ngati anali Akhristu, ndipo lirani nawo. Tolerani chopereka chenicheni, chifike kwa amasiye kudzera m'mipingo ya komweko. Funsani boma chimene likuchita pa malire ndi pa achinyamata osowa ntchito amene anthu achinyengo amawakopa ndi ndalama. Uzani nkhosa zanu kuchokera pa guwa kuti vidiyo ija aifufute, asaitumize. Ndipo musadikire tsikulo kuti mudziwane ndi shehe wa m'dera lanu. Pitani mukamuone sabata ino, mutenge nambala yake ya foni, iyenso atenge yanu.